Dokotala wa ku banco de socorros akalakwitsa, mlandu ndi wa yani? Mafunso ndi mayankho

Kuno ku chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, kuyambira ku Ulóngue ndi ku Tsangano mpaka ku Furancungo ndi ku Zóbuè, ndi mabanja ochepa amene sanathamangirepo ndi munthu ku banco de socorros, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi, pakati pa usiku. Ambiri amabwerako akuthokoza, koma ena amabwerako ndi maliro pamodzi ndi funso limene limazungulira pa siwa mpaka kucha: kodi malemuwa akanachira a dokotala akanafulumira? Madokotala nawonso ali ndi funso lawo limene sakonda kulitchula pagulu, lakuti ndani adzawaimira kumbuyo tsiku limene adzachite zonse zimene angathe wodwala n'kuwafera m'manja. Mafunso awiriwa ndi a nkhani imodzi, ndipo ndayesa kuwayankha pamodzi chifukwa sindikhulupirira kuti mbali imodzi iyenera kupulumuka mwa kupondereza inzake.

Kodi kuteteza dokotala pa milandu ya kulakwitsa pa ntchito kumatanthauza chiyani?

Anthu ena akamva mawu amenewa amaganiza kuti dokotala akupatsidwa ufulu wolakwira odwala popanda womufunsa. Sichoncho ayi. Nkhaniyi ili ndi mafunso atatu amene ayenera kusiyanitsidwa. Loyamba ndi lakuti, wodwala akavulazidwa chifukwa cha kulakwitsa, ndalama za chipepeso zichokere m'thumba la yani, la dokotala, la chipatala, la boma kapena la kampani ya inshuwalansi. Lachiwiri ndi la muyeso umene woweruza agwiritse ntchito, kaya kusasamala kulikonse kukhale mlandu kapena kusasamala kwakukulu kokha. Lachitatu ndi lakuti chipepesocho chikhale ndi malire kapena ayi. Mayiko amayankha mafunsowa mosiyanasiyana, ndipo chimene ndikufuna owerenga agwire kuyambira pano n'chakuti dziko likhoza kuteteza thumba la dokotala popanda kumana wodwala chipepeso chake, malinga ngati layankha bwino funso loyamba lija.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi imakhudza makamaka madokotala a ku banco de socorros?

Dokotala amene amaona munthu wa matenda a shuga mwezi ndi mwezi amamudziwa wodwala wake, amakhala ndi mapepala ake, ndipo akakayika amatha kumuuza kuti abwerenso sabata yamawa. Wa ku banco de socorros alibe mwayi umenewo. Sasankha wodwala, sadziwa mankhwala amene munthuyo amamwa, nthawi zambiri wodwalayo salankhula, ndipo amene amubweretsa ndi anthu odutsa m'njira amene angomutola pamsewu atagwa pa njinga yamoto. Chigamulo chimene dokotala wina angachiganizire masiku atatu iye amayenera kuchipanga m'mphindi zochepa, odwala ena akubuula pa benchi.

Chigawo chathu chinaona zimenezi ndi maso. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu amene anamwa pombe pa maliro anayamba kufika ku chipatala akusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo anthu 75 anamwalira. Mphekesera zinali ponseponse kuti mowawo unathiridwa ndulu ya ng'ona. Panapita miyezi yambiri akatswiri asanapeze kuti chinapha anthuwo ndi poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga umene anafululira mowawo. Amene analandira odwala usiku woyamba uja sakanatha kudziwa chimene ma labotale akunja anadzachitulukira pambuyo pake. Mu Novembala 2016, galimoto yonyamula mafuta inaphulika ku Caphiridzange m'boma la Moatize, anthu oposa 70 anafa, ndipo opsa ochuluka anathamangira nawo ku Hospital Provincial de Tete pa nthawi imodzi. Pa tsiku lotere ogwira ntchito amakakamizika kusankha woyamba kumugwira, akudziwa kuti wosiyidwayo akhoza kutsirizika. Munthu amene angadzaweruze zimene anachita ali pa mpando, mapepala onse ali patsogolo pake, ayenera kukumbukira kuti iwo analibe mapepalawo ndiponso analibe nthawi.

Kodi wodwala akamwalira m'manja mwa dokotala, umenewo ndi mlandu kale?

Ayi. Dokotala salonjeza kuchiritsa; chimene lamulo limafuna kwa iye ndi kugwira ntchito mosamala ndiponso motsatira luso la udokotala monga likudziwikira pa nthawiyo. Milandu ya chipepeso ku Mozambique imatsatira Código Civil, buku la malamulo la 1966 limene dziko linapitiriza kugwiritsa ntchito litalandira ufulu. Ndime 483 ya bukuli imanena kuti munthu amene waphwanya ufulu wa mnzake mosaloledwa, mwadala kapena mosasamala, ayenera kulipira zimene zawonongeka. Choncho wodandaula ayenera kuonetsa kuti panali chinthu chimene dokotala anachita kapena analephera kuchita, kuti chinali cholakwika, kuti wodwala anavulala kapena kumwalira, ndiponso kuti kuvulalako kunabwera chifukwa cha cholakwacho osati chifukwa cha matenda amene anabwera nawo. Mfundo yomalizayi ndi imene imagwetsa milandu yambiri kulikonse, pakuti munthu amene wafika atataya kale magazi ochuluka akhoza kufa ngakhale atathandizidwa bwino kwambiri.

Ndime 487 ili ndi mawu amene ndimaona kuti ndi ofunika kuposa ena onse pa nkhani yathuyi. Imanena kuti wovulazidwa ndiye ayenera kubweretsa umboni wa kusasamala, ndipo kusasamalako kumayesedwa poyerekeza ndi mmene akanachitira munthu wosamala, amene lamulo limamutcha bambo wabwino wa pabanja, poona mmene zinthu zinalili pa nkhani iliyonse payokha. Mawu akuti mmene zinthu zinalili ndiwo chishango choyamba cha dokotala wa ku banco de socorros. Amatanthauza kuti woweruza sayenera kuyerekeza dokotala amene anali yekha usiku pa chipatala cha kumudzi ndi gulu la akatswiri a ku Hospital Central de Maputo, koma ndi dokotala wina wosamala amene akanakhala pamalo omwewo, pa ola lomwelo, ndi zipangizo zomwezo.

Dokotala wa boma akalakwitsadi, amalipira ndani?

Malamulo aakulu oyendetsera dziko a 2004 amayankha pa ndime 58. Ndimeyi imapatsa aliyense ufulu wofuna chipepeso ufulu wake wachibadwidwe ukaphwanyidwa, ndipo imanena kuti boma ndilo limasenza zowonongeka zimene zadza chifukwa cha zochita zosemphana ndi lamulo za antchito ake pamene akugwira ntchito yawo. Popeza madokotala a m'zipatala za boma, zimene zili pansi pa Serviço Nacional de Saúde, ndi antchito a boma, banja limene lalakwiridwa likhoza kulondola boma, ndipo milandu yofuna chipepeso ku boma imapita ku Tribunal Administrativo, khoti loweruza milandu yokhudza ntchito za boma. Ndime yomweyo imasiyira boma ufulu wotembenukira wantchito wakeyo, motsatira lamulo, kuti abweze ndalama zimene boma lalipira.

Dongosolo limeneli ndi lanzeru, ndipo likanamagwiritsidwa ntchito mokwanira mikangano yambiri ikanachepa. Banja limakhala ndi wolipira amene sangathawe kapena kunena kuti alibe ndalama, pamene dokotala sagwira ntchito ali ndi mantha oti cholakwa cha usiku umodzi chidzamugulitsitsa nyumba. Boma nalonso likamalipira m'thumba mwake limakhala ndi chifukwa chokonzera zimene zikubweretsa milanduyo. Vuto lake n'lakuti anthu ambiri a kumidzi sadziwa kuti khomo limeneli lilipo, choncho mkwiyo wawo wonse umathera pa munthu amene anamuona atavala gawuni yoyera.

Ndiye kuti dokotala wa boma sangakhudzidwe konse?

Akhoza kukhudzidwa, ndipo njira zake ndi zitatu kuwonjezera pa ya chipepeso. Monga wantchito wa boma, akhoza kutsegulidwira mlandu wa mwambo wa pa ntchito (processo disciplinar) motsatira malamulo a antchito a boma otchedwa Estatuto Geral dos Funcionários e Agentes do Estado, ndipo chilango chake chimayambira pa chenjezo mpaka kuchotsedwa ntchito. Monga dokotala, amayankha ku Ordem dos Médicos de Moçambique, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2006, limene limalembetsa madokotala ndipo lili ndi mphamvu yolanga wophwanya mwambo wa ntchitoyi. Anamwino nawonso ali ndi Ordem yawo. Njira yachitatu ndi ya upandu, pakuti Código Penal, buku la malamulo a milandu ya upandu, imalanga munthu amene wapha kapena kuvulaza mnzake chifukwa cha kusasamala, ndipo mlandu wotere boma silingamusenzere munthu. Dokotala amene wabwera ku ntchito ataledzera, amene wasiya odwala pa nthawi ya ntchito yake n'kupita kokachita zake, kapena amene wakana kugwira munthu wovulala mpaka abale atulutse ndalama ya m'manja, alibe chishango chilichonse pa njira zitatuzi, ndipo sayenera kukhala nacho.

Tinafika msanga koma anatidikiritsa, n'kuyamba kuthandiza amene anabwera pambuyo pathu. Kodi kumeneku si kunyozera?

Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo inenso ndinalifunsapo mokweza mawu. Mlamu wanga anagwa pa njinga yamoto madzulo ena akuchokera kokagulitsa mbatatesi, ndipo tinafika naye pa chipatala china dzanja litathyoka, fupa likuonekera pansi pa khungu. Namwino anamuyeza kuthamanga kwa magazi, anamuunika m'maso ndi tochi, anamufunsa dzina lake ndi tsiku, kenako anamumanga dzanjalo n'kutiuza kuti tikhale pa benchi. Patapita nthawi kunalowa mayi atabereka mwana amene sanali kulira n'komwe, ndipo a dokotala anatipitirira osatiyang'ana n'kumulandira mwanayo. Ndinaimirira n'kunena kuti, "A dokotala, ifetu tafika kalekale, munthuyu akumva ululu." Iwo anayankha ali chotembenuka kuti, "Bambo, mlamu wanuyo akutha kukuwa, ndiye kuti akupuma bwino. Mwanayu sakutha. Ndiloleni ndiyambe ndi iyeyu, ndikubwera." Ndinakhala pansi mtima ukuwawa, ndipo anabweradi patapita pafupifupi ola lathunthu, m'manja mukununkha mankhwala.

Kusankhula odwala kumeneku, kumene achipatala amakutcha triagem, ndi gawo la luso la ntchitoyi. Ku banco de socorros satsata amene wafika poyamba ngati ku chigayo, amatsata amene ali pafupi ndi imfa. Choncho kudikira pakokha si umboni wa kunyozera. Mlandu umayamba pamene wodwala sanayezedwe n'komwe pofika, kapena pamene anayezedwa kamodzi n'kuiwalika pa benchi maola ambiri odwazika akuchenjeza kuti munthu akusintha. Amene wagunda mutu akhoza kufika akulankhula bwinobwino kenako n'kuyamba kusanza ndi kuwodzera chifukwa magazi akutayikira mkati mwa chigaza, ndipo chipatala chosamala chimabwereranso kwa wodikira wotere kukamuona.

Nanga ngati munthu wafa chifukwa kunalibe magazi, mpweya kapena ambulansi?

Apa ndi pamene ndimaona kuti madokotala athu amasenzetsedwa katundu amene si wawo. Mayi amene akutaya magazi atabereka amafunika kuthiridwa magazi, ndipo ngati m'firiji ya chipatala mulibe a gulu lake, luso la dokotala silingawapange. Wodwala amene akufunika katswiri ayenera kutumizidwa ku mzinda wa Tete ndi chikalata chomutumizira chotchedwa guia de transferência, koma kuchokera ku Ulóngue ndi ulendo wa makilomita oposa 200, ndipo wochokera ku Zumbo kapena ku Fingoè ulendo wake ndi wowawa kuposa pamenepo. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Moatize ndi Tete, tonse tinaona mmene msewu wokha ungatalikitsire wodwala ndi chithandizo.

Tikumbukirenso kuti m'zipatala zambiri za m'maboma amene amalandira ovulala usiku si dokotala wa digiri koma técnico de medicina, amene anaphunzira kuchiza koma alibe digiri ya udokotala, kapena namwino, ndipo maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera amachitidwa ndi ma técnico de cirurgia, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1984 chifukwa cha kuchepa kwa madokotala. Anthu amenewa apulumutsa miyoyo yosawerengeka, ndipo chitetezo chilichonse chimene tingakambe chiyenera kuwafikira iwonso. Madokotala atanyanyala ntchito mu 2013 ndiponso mu 2023 motsogozedwa ndi Associação Médica de Moçambique, kuwonjezera pa malipiro ankadandaulanso za mmene zinthu zilili m'malo awo a ntchito. Imfa yobwera chifukwa cha kusowa kwa zipangizo ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndi amene ali ndi udindo wogula ndi kugawa zipangizozo. Udindo wa dokotala pamenepo ndi kuzindikira msanga kuti sangathe, kuchita zimene zingamusunge wodwala panjira, ndi kumutumiza mosazengereza. Akagona naye wodwala usiku wonse akudziwa kuti pamalopo palibe chomuthandiza nacho, galimoto ilipo, gawo limenelo ndi lake.

Kodi dokotala angachite opaleshoni munthu ali chikomokere, abale asanavomere?

Angathe, ngati kudikira kungaike moyo pa chiswe. Nthawi zonse wodwala ayenera kufotokozeredwa ndi kuvomera asanachitidwe kanthu, koma ndime 340 ya Código Civil imatenga kuti munthu wavomera pamene chochitikacho n'chomupindulira ndipo n'chogwirizana ndi zimene iye akanafuna akanatha kulankhula. Kwathu kuno timazolowera kudikira amalume kapena mwini mbumba kuti apereke mawu, ndipo mwambo umenewu uli ndi malo ake, koma mimba imene ikutayikira magazi mkati siyembekeza kuti munthu achoke kumunda. Wodwala wamkulu amene ali ndi nzeru zake akakana chithandizo atafotokozeredwa bwino, nkhani imasintha, ndipo dokotala ayenera kulemba kukanako.

Mayiko ena anakhazikitsa malamulo apadera otetezera madokotala a mbali imeneyi. Anachita bwanji?

Nkhaniyi inakula kwambiri ku United States, kumene madokotala ambiri si antchito a boma ndipo amasumiridwa m'dzina lawo. Mu 1986 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa EMTALA, limene limakakamiza zipatala zolandira ndalama za Medicare, thumba la boma lolipirira chithandizo cha okalamba, kuyeza aliyense wofika mwadzidzidzi ndi kumuthandiza mpaka atachoka pa ngozi, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Madokotala anayamba kudandaula kuti lamulo likuwaletsa kukana wodwala, koma silikuwateteza wodwala yemweyo akawasumira, pamene mtengo wa inshuwalansi yawo unkakwera.

Zigawo zina zinawamvera. Texas mu 2003 inaika malire a madola 250,000 pa chipepeso cha ululu ndi chisoni chimene dokotala angalamulidwe kulipira, ndipo inalamula kuti pa chithandizo chadzidzidzi wodandaula aonetse kuti dokotala ananyozera ngozi mochita kudziwa. Georgia mu 2005 inalamula kuti pakhale umboni womveka ndi wokhutiritsa wa kusasamala kwakukulu, ndipo khoti lalikulu la chigawocho linavomereza mfundo imeneyi mu 2010, ngakhale kuti chaka chomwecho linathetsa malire a chipepeso. South Carolina nayonso inakweza muyeso wake mu 2005. Malamulo amenewa ndi osiyana ndi aja otchedwa a Msamariya Wachifundo, amene California inayamba nawo mu 1959, oteteza dokotala amene waima pamsewu kuthandiza wovulala mwa kufuna kwake.

Kodi malamulo amenewo anathandiza, ndipo ife tiwatengere?

Chimodzi mwa zimene ankalonjeza ochirikiza malamulowa chinali chakuti madokotala akasiya kuopa makhoti adzasiyanso kuyeza odwala zinthu zosafunika pongofuna kudziteteza. Ofufuza a bungwe la ku United States la RAND anaunika zigawo zitatu za Texas, Georgia ndi South Carolina n'kufalitsa zotsatira mu 2014. Anapeza kuti kujambula odwala ndi makina a CT ndi MRI sikunachepe, kugoneka odwala m'chipatala sikunachepe, ndipo ndalama zolipiritsa zinatsika pang'ono ku Georgia kokha. Koma mbali inayi, munthu amene wavulazidwa ndi kusasamala wamba m'zigawo zimenezi amakhala wopanda kolowera, chifukwa kusasamala kwakukulu n'kovuta kwambiri kukutsimikizira.

Maganizo anga ndi akuti ife tisatengere njira imeneyi. Mankhwala amenewo anapangidwira matenda a dziko limene milandu ndi yochuluka ndipo dokotala amalipira yekha inshuwalansi yodula. Matenda athu ndi ena. Mlimi wa ku Domwe amene mkazi wake wamwalira chifukwa cha kunyozera kwenikweni ali kale kutali ndi khoti, chifukwa cha mtunda, chifukwa cha Chipwitikizi cha m'mapepala, ndiponso chifukwa cha mantha oti akadandaula sadzalandiridwanso bwino pa chipatala chokhacho chimene ali nacho pafupi. Kumukwezera mpanda munthu wotere ndi kumutsekera kunja kotheratu. Chimene dokotala wathu akusowa ndi chitsimikizo chakuti boma lidzaima patsogolo pa chipepeso, kuti adzapatsidwa loya akaitanidwa, ndi kuti amene adzaunike ntchito yake ndi anthu odziwa mmene usiku wa pa chipatala cha kuboma umakhalira.

Pali mayiko amene anapeza njira yolipira wodwala popanda kumusaka dokotala?

Alipo. New Zealand kuyambira 1974 ili ndi thumba la boma lotchedwa ACC limene limalipira anthu ovulala, kuphatikizapo ovulala polandira chithandizo, ndipo anthu kumeneko kawirikawiri sasumira dokotala kuti apeze chipepeso. Za khalidwe la dokotala zimaunikidwa padera. Ku England, kuyambira 1990 chipepeso cha zolakwa za madokotala a m'zipatala za boma, zimene zili pansi pa bungwe la NHS, chimalipiridwa ndi NHS yomweyo.

Komabe England yomweyo inatiphunzitsa kuti kuteteza thumba sikukwanira. Mu 2011 mwana wa zaka 6 anamwalira pa chipatala cha ku Leicester matenda ake atachedwa kuzindikirika. Dr Hadiza Bawa-Garba, amene ankamuona, tsikulo ankagwira ntchito ya anthu angapo, ndipo makompyuta otulutsa zotsatira za magazi anali atavuta. Mu 2015 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu chifukwa cha kusasamala kwakukulu, mu Januwale 2018 anafafanizidwa m'kaundula wa madokotala, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho khoti la apilo linasintha chigamulo chomufafanizacho. Makolo a mwanayo anataya mwana amene akanatha kupulumuka, ndipo chisoni chawo sichiyenera kuchepetsedwa. Koma madokotala ambiri anafunsa funso loyenera, lakuti munthu mmodzi angasenze bwanji yekha zolakwa za chipatala chonse. Kuopsa kwa milandu yotere n'kwakuti ogwira ntchito amaphunzira kubisa zolakwa m'malo mozinena, ndipo cholakwa chobisidwa chimadzapha wodwala wina.

Nanga m'zipatala zolipira zinthu zimakhala bwanji?

Kuno ku Mozambique boma linatenga zipatala zonse pa 24 Julayi 1975, udokotala wolipiritsa unaloledwanso mu 1991, ndipo lero mu mzinda wa Tete muli makiliniki amene si a boma. Kumeneko ndime 58 ija sigwira ntchito, chifukwa dokotala si wantchito wa boma pa nthawiyo. Pakati pa wodwala ndi kiliniki pamakhala mgwirizano, mlandu umapita ku khoti wamba, ndipo kiliniki imayankha pa zochita za anthu amene yawalemba ntchito. Dokotala amene masana ali ku chipatala cha boma madzulo ku kiliniki azindikire kuti wavala malaya awiri osiyana. Asanayambe ntchito afunse ngati pali inshuwalansi ya zolakwa za pa ntchito, ngati dzina lake lili momwemo, malire a ndalama zake, ndiponso ngati imalipira dandaulo limene ladza iye atachoka kale pa ntchitoyo, popeza madandaulo ambiri amabwera patapita miyezi kapena zaka.

Dokotala kapena namwino angadziteteze bwanji iye mwini?

Chishango chake chachikulu ndi cholembera. Patapita zaka ziwiri palibe amene adzakumbukire bwino za usiku umodzi pakati pa mausiku mazana, ndipo woweruza adzakhulupirira zimene zili mu processo clínico, mapepala a wodwala a ku chipatala. Alembe ola limene wodwala wafika ndi ola limene wamuona, zimene wapeza, zimene waganiza ndi chifukwa chake, ola limene waitana mnzake wamkulu ndi yankho limene walandira. Chinthu chikasowa alembe kuti chasowa: magazi apemphedwa ola lakuti ndipo kulibe, ambulansi yaitanidwa ola lakuti ndipo ili ku ulendo wina. Mzere umodzi wotere ndi umene udzasiyanitse cholakwa chake ndi cholakwa cha dongosolo. Asadzayerekeze kukonza zolembazo zinthu zitavuta kale, pakuti kufufuta kumaoneka ndipo kumaipitsa ngakhale mlandu umene akanapambana.

Chachiwiri ndi pakamwa. Madokotala ambiri amene amatumizidwa ku Angónia kapena ku Macanga ndi ochokera ku zigawo zina ndipo salankhula Chichewa, pamene agogo amene abwera ndi mdzukulu samva Chipwitikizi. Madandaulo ochuluka amabadwira pamenepa. Banja limene lafotokozeredwa m'chinenero chake, pa nthawi yake, kuti wodwala ali pa ngozi yaikulu ndipo zimene zikuchitika ndi izi, limalandira uthenga woipa mosiyana ndi banja limene langoona nsalu ikukokedwa. Kupeza namwino kapena wantchito wina womasulira kumatenga mphindi zochepa. Wodwala akamatulutsidwa, odwazika auzidwe momveka zizindikiro zimene ayenera kubwerera nazo msanga, ndipo zimenezonso zilembedwe.

Banja likakhulupirira kuti lalakwiridwa, liyambire pati?

Liyambe ndi kulemba zonse zikadali m'mutu: tsiku, maola, amene analipo, mawu amene ananenedwa ndi mankhwala amene anaperekedwa. Lisunge khadi la wodwala, malisiti, guia de transferência ndi chikalata cha imfa. Kenako lipemphe kukumana ndi mkulu wa chipatala kapena lipite ku Gabinete do Utente, ofesi yolandira madandaulo a odwala, kumene ofesiyi ilipo, ndipo dandaulo liperekedwe molemba, banja n'kutsala ndi kope lodindidwa. Yankho likapanda kukhutiritsa, nkhani ikhoza kupita ku akuluakulu a zaumoyo a boma laling'ono ndi a chigawo, ku Ordem dos Médicos, kapena kwa Provedor de Justiça, mkulu wolandira madandaulo a anthu okhudza maofesi a boma. Pamene pali chikayikiro cha upandu, malo ake ndi Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu. Amene alibe ndalama ya loya apite ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu.

Pali zinthu ziwiri zimene mabanja athu amazizindikira mochedwa. Choyamba ndi kupima mtembo. Ambiri timakana chifukwa timafuna kunyamula malemu mwamsanga kuti mwambo uyambe kumudzi, ndipo mtima umenewo ndi womveka, koma popanda kupima n'kovuta kwambiri kudzaonetsa chimene chinapha munthu, ndipo kupimako nthawi zina kumayeretsa dokotala amene banja linkamuganizira. Chachiwiri ndi nthawi. Ndime 498 ya Código Civil imapereka zaka zitatu zofunira chipepeso, kuwerengera kuyambira pamene wolakwiridwa wadziwa za ufulu wake, choncho kudikira kuti chisoni chiyambe chaphwa kukhoza kutayitsa mlandu. Ndi bwinonso kudziwa kuti, ngakhale pa mwambo wathu amalume ndiwo amatsogolera nkhani za maliro, ndime 496 imapereka chipepeso cha imfa poyamba kwa mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana, kenako kwa makolo ngati amenewa palibe, ndipo pomaliza kwa abale ndi alongo. Amalume akhoza kuperekeza ndi kulankhula, koma mayina olembedwa pa mlandu akhale a eni ake amene lamulo likuwadziwa.

Bwanji ngati wodwala wathu anathandizidwa ku Malawi?

Anthu a m'malire amadutsa pa Calómuè kapena pa Zóbuè kukalandira chithandizo ku Dedza ndi ku Mwanza pamene kumeneko ndiko kufupi. Zimene zachitikira pa chipatala cha ku Malawi zimaweruzidwa ndi malamulo a ku Malawi, ndipo dandaulo la khalidwe la dokotala limapita ku Medical Council of Malawi, osati ku Ordem ya kuno. Ngati wodwala anayamba kuonedwa mbali ino n'kukamalizira tsidya linalo, banja lisunge mapepala a zipatala zonse ziwiri, chifukwa aliyense wodzaunika nkhaniyo adzafuna kudziwa mmene munthuyo analili pa ola limene anachoka pa chipatala choyamba ndi mmene analili pofika pa chachiwiri.